Magetsi Akathima, Pakamwa Pamayaka

Pali nkhani zina zimene munthu amayamba wafunsa kaye asanatsegule pakamwa, monga za malamulo a malo kapena za matenda a shuga. Ya magetsi siili m'gulu limenelo. M'tauni muno aliyense ndi katswiri wa magetsi: wometa tsitsi, wowotcherera mageti, wa pachigayo, mayi wogulitsa thobwa lozizira, ngakhale mwana wa sitandade 3 amene udindo wake ndi kukuwa kuti "Ayaka!" mababu akangophethira. Tonsefe tinakanganapo kale za nkhaniyi, pamaliro, m'minibasi, pamzere wogula mayunitsi, ndipo palibe amene anagonjapo. Mkanganowo umakoma magetsi akathima. Akakhala kuti akuyaka, aliyense amawerama pa foni yake, pakhonde pali zii.

Funso loyamba limene limatigawa ndi lakuti: akathima amakhala apita kuti? Ena amati alipo ndithu, amangosungidwa m'chithanki china chachikulu ku Nkula, ndipo pali munthu wina wouma mtima amene amakhala pafupi ndi swichi, kudikira kuti mpira uyambe kapena nsima ifike povundula. Ena amalumbira kuti amagulitsidwa kunja usiku, ife tili mtulo. Enanso, odziona ngati ozindikira, amangoti "ndi ndale basi," ndipo akatero nkhani yatha, pakuti ndale ndani angazitsutse?

Za chithankizo tizitaye msanga. Magetsi a m'mawaya athuwa amapangidwa nthawi yomweyo imene akugwiritsidwa ntchito. Babu imene ikuyaka ku Ndirande kapena ku Kawale pa mphindi ino ikuyaka chifukwa pa mphindi yomweyi madzi a mu Shire akugwa penapake, akuzunguza chitsulo. Mtsinjewu ukatuluka m'nyanja ya Malawi umayenda mwaulesi, kudutsa Malombe ndi Liwonde, koma ukapitirira Matope umayamba kutsetsereka, ndipo pofika ku Chikwawa umakhala utatsika mamita oposa 300. Pa mathithi amenewo ndi pamene panamangidwa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi amalowetsedwa m'mipope ikuluikulu, amakankha mapiko a makina, makinawo amazunguza maginito pakati pa mawaya a mkuwa okulungidwa, ndipo m'mawayamo mumabadwa magetsi. Nkula A inayamba ntchito mu 1966 ndi mamegawati 24, ufulu uli ndi zaka ziwiri zokha, ndipo kuyambira pamenepo kuwala kwa dziko lino kwakhala kukudalira mtsinje umodziwo. Anthu akafuna magetsi ochuluka kuposa amene makina akupanga, palibe kotapa owonjezera. Wina ayenera kukhala mumdima kuti wina awale. N'chifukwa chake amakonda kuthawa m'mamawa ndi madzulo. Munthu wa paswichi uja, ngati alipo, sadana ndi mpira. Vuto ndi lakuti mpirawo timaonera tonse nthawi imodzi, mapoto ali pamoto.

Ndiye pali chigulu china chimene chimavomereza za madzizo koma n'kuwonjezerapo zake. Amati madzi akadutsa m'makina amakhala atayamwidwa mphamvu, moti akamafika ku Nsanje ndi madzi otopa, osakoma, osakulitsa mbewu. Ena mpaka amati nsomba za kumunsiko zimameza magetsi otsalira, n'chifukwa chake pali ina ikakukhudza umataya nkhafi. Nsomba yomenya nyesiyo iliko ndithu ku Chigwa cha Shire ndi mu Zambezi, ya mtundu wa mlamba, koma inayamba kumenya asodzi Nkula asanamangidwe. Magetsi ake imapanga yokha m'thupi mwake. Ndipo madzi satopa. Omwewo amene azunguza makina ku Nkula amakazunguzanso ku Tedzani, n'kukamaliza ku Kapichira, kenako n'kupita kukathirira nzimbe ku Nchalo. Chimene makina amatenga si cha m'madzimo ayi, koma kugwa kwawoko.

Nanga m'wayamo mumayenda chiyani? Ena amati ndi moto, poti umawotcha. Ena amafunsa kuti moto ungayende bwanji m'pulasitiki osaisungunula, ndipo firiji ingazizire bwanji ndi moto. A motowo amayankha kuti tagwirani kumbuyo kwa firijiyo muone ngati sikukutentha. Wina amene anafikako Fomu 4 amadula onse: ndi maelekitironi. Akafunsidwa kuti maelekitironiwo n'chiyani, amakumbukira mwadzidzidzi kuti akumufuna kunyumba.

Chonsecho wa Fomu 4 ndiye akunena zoona. Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka totchedwa maatomu, ndipo m'maatomumo muli tina tocheperapo kwambiri, maelekitironi. Mu mkuwa ndi m'zitsulo zina, ena mwa maelekitironiwa ndi omasuka, amatha kusuntha. M'pulasitiki, m'galasi ndi mu labala ndi omangika, n'chifukwa chake waya amavekedwa pulasitiki. Chimene ambiri amakana kukhulupirira n'chakuti maelekitironiwo sachokera ku Nkula. Ali kale m'waya wa m'nyumba mwanu, ngakhale magetsi atathima sabata yathunthu. Chochokera ku Nkula ndi kukankha. Taganizirani benchi ya kutchalitchi itadzaza thothotho, ndiye pabwere mayi wina wathupi n'kudzipanikiza kumapeto kuno: wa kumapeto kwina uja amagwa nthawi yomweyo, chikhalirecho palibe amene wayenda mtunda. M'waya ndi momwemo. Kukankhako kumafika diso lisanaphethire, koma elekitironi iliyonse payokha imasuntha pang'ono zedi, osafika ndi milimita imodzi pa sekondi. Ndiponso magetsi a m'nyumba zathu sakankha mbali imodzi. Amakankha uku n'kubwezanso, maulendo 50 pa sekondi iliyonse, kotero a pabenchi aja amangogwedezeka osachoka pamalo. Tikamagula mayunitsi timalipira kugwedezekako. Ena akamva zimenezi amati ndiye kuti takhala tikugula katundu amene tinali naye kale, atibwezere ndalama zathu.

Mkangano waukulu kuposa yonse ndi wa amene anatulukira magetsi. Akuluakulu amene anaphunzira nthawi ya chikwapu amayankha asanapume kuti ndi Thomas Edison. Ena amati ayi, ndi Benjamin Franklin, mzungu uja anaulutsa kaiti kukugwa mvula. Achinyamata a pafoni amawaseka onsewa: ndi Nikola Tesla, amatero, Edison anali mbava chabe. Mwa achinyamata omwewo muli ena amene amakhulupirira kuti Tesla ali moyo, ndi mpondamatiki, ndipo amagulitsa magalimoto ku America. Amenewa tiwakhululukire. Tesla anamwalira mu 1943 m'chipinda cha hotela ku New York ali wosauka, ndipo kampani ya magalimoto ija inangotenga dzina lake patapita zaka 60.

Tikati tiweruze mosakondera, magetsi sanapangidwe ndi munthu, pakuti mphezi inkang'anima anthu asanadziwe kulemba. Agiriki akale ankadziwa kuti ukakwecha utomoni wouma wa mtengo pa ubweya umakoka timinthenga, masewera omwe aja amene ana asukulu amachita ndi cholembera pamutu n'kumatola timapepala. Kwa zaka pafupifupi 2,000 nzeruyo inathera pomwepo. Franklin anaulutsadi kaiti yake ku Philadelphia mu 1752, ndipo chimene ankafuna kuonetsa n'chakuti mphezi ya kumwamba ndi timoto tothetheka m'zipangizo za akatswiri ndi chinthu chimodzi. Okonda nkhani yakeyo amaiwala kutchula kuti mu 1753 katswiri wina, Georg Richmann, anayesa zofanana ndi zomwezo ku St Petersburg, mphezi n'kumupha pomwepo. Franklin anali ndi nzeru, komanso anali ndi mwayi.

Ndipo tisaganize kuti kukangana za magetsi kunayamba ndi ife. Ku Italy, dokotala wa ku Bologna, Luigi Galvani, anaona miyendo ya chule wakufa ikuphiriphitha itakhudzidwa ndi zitsulo, ndipo mu 1791 analemba kuti m'thupi la nyama muli magetsi akeake. Alessandro Volta, mphunzitsi wa ku Pavia, anati ayi, chuleyo alibe mlandu, magetsiwo akuchokera ku zitsulo ziwiri zosiyanazo. Anakangana zaka zingapo, ophunzira a ku Ulaya n'kugawikana pawiri. Pofuna kutseka pakamwa a mbali inayo, Volta anasanjikiza timbale ta zinki ndi ta mkuwa, pakati n'kumaikapo kansalu konyowa ndi madzi amchere, ndipo mu 1800 analengeza kuti wapeza magetsi oyenda mosalekeza popanda chule aliyense. Ameneyo ndiye gogo wa batire ya mu tochi ndi ya mu foni. Chokoma n'chakuti aliyense mwa awiriwo anali ndi mbali yake yoona: zitsulo zija zimabaladi magetsi, komanso mitsempha ya chule, ya nsomba ija ndi ya ife tomwe imatumiza mauthenga ndi magetsi. Galvani anamwalira mu 1798, batireyo asanaione.

Koma zitati zafunika kuti munthu mmodzi apatsidwe mbuzi chifukwa cha babu ya m'nyumba mwathu, ife tingaipereke kwa amene satchulidwa kawirikawiri m'minibasi, Michael Faraday wa ku London. Bambo ake anali wosula zitsulo, sukulu sanapite nayo patali, ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yosoka mabuku, ndipo mabuku amene ankasokawo ankawawerenganso. Mu 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Copenhagen anali ataona kuti waya wokhala ndi magetsi umagwedeza singano ya kampasi. Faraday anatembenuza funsolo: ngati magetsi akubala maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Yankho analipeza mu 1831, ndipo chinsinsi chake chinali chakuti maginitowo aziyenda. Ukawagoneka pafupi ndi waya, palibe chochitika. Ukawasuntha, magetsi amatuluka. Makina a ku Kapichira, jenereta yosokosera pa golosale, dayinamo ya njinga, zonsezi ndi nzeru imodzi ya Faraday, kusiyana kukula basi.

Nanga Edison, mbava monga anenera a pafoni? Mawuwo ndi aakulu. Babu siinayambe ndi iye. Ambiri anayesa iye asanalowemo, ndipo ku Newcastle, ku England, Joseph Swan anali ndi yake nthawi yomweyo, moti mu 1883 awiriwo anangogwirizana n'kupanga kampani imodzi ku Britain. Chimene Edison anachita mu 1879 ndi kupeza babu yoyaka nthawi yaitali, ndipo mu 1882 anatsegula malo opangira magetsi pa Pearl Street ku New York, n'kukoka mawaya kulowa m'nyumba za anthu, mita ndi bilu zomwe. Odana ndi bilu tsopano akudziwa woti amukwiyire. Ena amakonda kukumbutsa kuti panalinso munthu wakuda, Lewis Latimer, mwana wa makolo amene anathawa ukapolo, ndipo pakamwa pakakoma amati babu yonseyo ndi yake, azungu anangomulanda. Apa mchere wachuluka. Latimer anapeza njira yabwino yopangira kaulusi ka kaboni koyaka m'kati mwa babu, analembetsa luso lakelo mu 1882, ndipo pambuyo pake anakagwira ntchito kwa Edison yemweyo. Ulemu umenewo ndi wokwana pawokha.

Udani wa Tesla ndi Edison unalipodi, ngakhale a pafoni amaukometsera. Tesla, Mserbia wobadwira m'dera limene lero lili mu Croatia, anafika ku New York mu 1884, anagwira ntchito kwa Edison miyezi yowerengeka, n'kuchoka. Edison ankagulitsa magetsi okankha mbali imodzi, a DC, amene panthawiyo sankapita patali: kilomita imodzi kapena awiri, afooka. George Westinghouse, amene anagula luso la Tesla mu 1888, ankagulitsa ogwedezeka aja, a AC, amene thiransifoma imatha kuwakweza kuti ayende mtunda wautali n'kuwatsitsanso pofika pakhomo. A mbali ya Edison anafika popha agalu ndi ana a ng'ombe pamaso pa atolankhani kuti aonetse kuopsa kwa AC. Sizinathandize. Mu 1896 magetsi a pa mathithi a Niagara anafika mumzinda wa Buffalo, mlandu n'kutha. Ndi njira yomweyo imene magetsi a mu Shire amafikira ku Lilongwe ndi ku Mzuzu: amakwezedwa kufika mavoliti 132,000, pena 400,000, kenako n'kumatsitsidwa mpaka 230 a pa soketi. Koma a Tesla asavine kwambiri. Kwa aneba athu ku Mozambique, magetsi a ku Cahora Bassa pa Zambezi amapita ku South Africa, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, ali a DC. Sola ya padenga imabala DC, ndipo foni imene akunyozerapo Edison imadya DC. Ntchito ya chaja ndi kusandutsa magetsi a Tesla kuti akhale a Edison.

Onsewa ankakangana, kugulitsa ndi kulemera asakudziwa chimene chikuyenda m'wayamo. Elekitironi anadzaipeza ndi J. J. Thomson ku Cambridge mu 1897, mababu a Edison atayaka kale zaka 18. Ndiye wometa wathu uja asachite manyazi.

Mphatso yeniyeni ya Tesla si kuwala, ndi mota, ndipo ndi imene imathetsa mlandu wina wa mu Blantyre. Magetsi akathima nthawi yaitali, mipope nayo imauma, ndipo anthu amati a magetsi ndi a madzi amapangana kuti atikhaulitse limodzi. Ena amati ndi pachibale, maofesi awo amadyera pamodzi. Kupangana kulibe. Madzi ambiri a mumzindawu amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo kuti akwere mapiri onsewo amakankhidwa ndi mapampu a magetsi. Madzi a mu Shire amagwa kuti apange magetsi, magetsiwo n'kunyamula madzi a mu Shire kukwera nawo kumtunda. Chigayo, firiji, makina a kufakitale ya tiyi ku Thyolo, zonsezi ndi mota. Amene amaganiza kuti magetsi ndi babu basi afunse mayi amene wakhala pachigayo kuyambira m'mawa, mphale ili m'thumba.

Tikafika apa pamadzuka wina wokonda dziko lake: nanga wathu uja wa ku Kasungu? Akunena William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kumanga makina oyendera mphepo ndi zidutswa za njinga, chokupizira cha thirakitala ndi mitengo ya bulugamu, ali ndi zaka 14. Lero aliyense amati ankadziwa kale kuti mwanayo adzapita patali. Panthawiyo ambiri ankati wapenga. Ena amati ndiye anatulukira magetsi a mphepo. Mwini wake sanatero, amanena poyera kuti anaona chithunzi m'buku la mulaibulale. Pamtima pa makina akewo panali dayinamo ya njinga, ndiye kuti nzeru ya wosoka mabuku uja inafika mpaka ku Wimbe.

Za mphezi ndiye musaziyambe dala. Ena amati ilipo yachilengedwe ndi yotumidwa, ndipo yotumidwayo imadziwa dzina ndi nyumba, imatha kulumpha anthu khumi n'kusankha amene anaba mbuzi. Ena amati imakonda zovala zofiira. Ena amati imakonda galasi loonera nkhope, moti mitambo ikangoda amalifunditsa chitenje. Masiku ano pawonjezeka foni. Za kutumidwazo sitiweruza, poti mboni zake sizibwera pabwalo. Chodziwika n'chakuti m'mitambo ya mvula timatalala ndi timadontho timakwechana, magetsi n'kuunjikana, mpaka amadumpha kufuna njira yopita pansi. Mphezi siyang'ana mtundu wa malaya. Imatsata chachitali ndi chimene chili pachokha, mtengo wa pakati pa munda, munthu woimirira pabwalo la mpira, msodzi m'bwato. Wovula malaya ofiira n'kuthawira pansi pa mtengo wa mango wataya chopanda vuto n'kukumbatira choopsa. Foni ya m'manja ilibe mlandu, pokhapokha ikakhala pa chaja cholumikizidwa kukhoma. Wofuna kudziwa kuti yagwa patali bwanji awerenge kuyambira pa kung'anima kufika pa kugunda: masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi.

Mbalame zotera pa mawaya nazo zili ndi otanthauzira ake. Ena amati mapazi ake ali ndi labala wachibadwa. Ena amati m'mawayamo mulibe kanthu, umboni wakuti magetsi anagulitsidwadi kunja. Mbalame imapulumuka chifukwa yaponda waya umodzi wokha, ndipo magetsi alibe chodutsira m'thupi mwake poti kulibe kopita. Itakhudza mawaya awiri, kapena waya ndi chitsulo cha polo, imagwa yowauka. Munthu amakhala ataponda pansi, ndiye thupi lake limasanduka njira. Komabe pali amuna ena odzitama kuti iwo nyesi siwagwira, magazi awo ndi olimba, ndipo amalowetsa mawaya osavala mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi. Chopha si mavoliti okha, koma kuchuluka kwa magetsi odutsa m'thupi, amene amayezedwa ndi maampu. Ketulo imakoka maampu pafupifupi 9. Mtima wa munthu ukhoza kusokonezeka ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a ampu imodzi. Khungu louma limatchinga pang'ono, lonyowa silitchinga, n'chifukwa chake wa magazi olimba uja amapulumuka mu Okutobala ali mu nsapato, n'kudzaona zakuda mu Januwale atapondera simenti yonyowa.

Mphekesera ya pachiwaya tonse tinaimva: akuti mafuta obedwa m'mathiransifoma amakazingira tchipisi, poti sada msanga. Okazinga amakana kwamtuwagalu. Ogula amalumbira kuti anamva kwa munthu amene anaona ndi maso, koma amaitanitsabe mbale yachiwiri. Kuba mafuta ndi mkuwa m'mathiransifoma kumachitikadi, ndipo dera lonse limagona mumdima masabata. Mafutawo si a mpendadzuwa. Ndi ochokera pansi monga a galimoto, ntchito yake ndi kuziziritsa ndi kutchinga magetsi, ndipo a m'mathiransifoma akale amakhala ndi poizoni. Pa dera lililonse aliyense amadziwa kuti mbava ndi anyamata a kutsidya uko, ndipo a kutsidyawo amaloza kuno.

Chimene chimatizunguza mutu kwambiri ndi zifukwa za kuthima. M'chilimwe timamva kuti madzi achepa. M'dzinja timamva kuti madzi achuluka, abweretsa zinyalala. Anthu amafunsa kuti nanga makinawo amafuna madzi otani, a m'botolo? Kuseka tiseke, koma zonse ziwiri ndi zoona. Mu 2016 ndi 2017 nyanja inatsika, Shire n'kuchepa, ndipo magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse mpaka panabwera majenereta a dizilo obwereka. Geti ya pa Liwonde, yomangidwa mu 1965, imayesa kugawa madziwo, koma singagwetse mvula. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kusowa nthawi imodzi, ndipo anadzabwerera mu 2023. Pakati pa ziwirizi pali namasupuni ndi udzu zotseka makina, ndi matope odzaza madamu. Matopewo amakokoloka m'mapiri ndi m'minda mmene mitengo inatha. Mitengoyo inapita kuti? Tiyang'ane kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, pali thumba la makala. Timagula makala chifukwa magetsi athima, ndipo magetsi amathima, mwa zina, chifukwa tagula makala. Ngakhale atayaka, alipo ambiri olumbira kuti nsima ya pamagetsi siipsa bwino ndipo nyemba zimafuna mbaula. Pa mlandu uwu odandaula ndi oimbidwa mlandu ndi anthu amodzi omwewo.

Komanso kulira kuti magetsi athima ndi mwayi wa ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 aliwonse ndi amene ankaunikira magetsi. Achibale a kumudzi akamatimva tikudandaula amangotiyang'ana. Ambiri anagula kale kasola kawo, ndipo foni zawo zimakhala zodzaza pamene zathu zafa. Za sola nazo zili pawiri. Ena amati ndi magetsi a ana, oyatsa babu ndi wailesi basi. Ena amati ndiye mpulumutsi wa dziko. A mbali yoyamba apite ku Salima akaone masola a mamegawati 60 amene anayamba ntchito mu 2021, oposa kawiri amene Nkula A inayamba nawo. Ku Golomoti, ku Dedza, kuli ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungako pang'ono, kotero a chithanki aja apezako pogwira. Koma a mbali yachiwiri nawo akumbukire kuti dzuwa limalowa nthawi yomweyo imene tonse tikufuna kuphika.

Watsala mlandu umene wadanitsa mabanja ndi anthu a lendi ogawana mita imodzi: ndani akudya mayunitsi? Mwini nyumba amati ndi alendi. Alendi amati mita ikuthamanga. Bambo amati ndi ana osazimitsa mababu, mayi amati ndi machaja osiyidwa pakhoma, ndipo onse amagwirizana pa chimodzi, chakuti magetsi akabwera atathima nthawi yaitali mita imalipiritsa ngongole ya maola onse aja. Mita siwerenga zimene sizinadutse. Chimene chimachitika n'chakuti firiji inafunda, giza inazizira, ndipo akangoyaka tonse timathamangira kusita, kuphika ndi kuwiritsa nthawi imodzi, kuopa kuti athawanso.

Masamu ake ndi a sitandade 5. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 ogwira ntchito ola limodzi. Babu ya LED ya mawati 9 imayaka maola oposa 100 pa yuniti imodzi; ketulo ya mawati 2,000 imaimaliza yuniti yomweyo m'mphindi 30. Giza ya mawati 3,000 ikayaka ola limodzi yadya zimene mababu 10 otere akanadya m'maola 33. Kutchaja foni tsiku lililonse mwezi wathunthu sikufika ndi yuniti imodzi yomwe. Chilichonse chimene ntchito yake ndi kutenthetsa, simbi, hotipuleti, ketulo, giza, ndicho chakudya kwambiri. Choncho mwana woiwala kuzimitsa babu tamumasula, alibe mlandu. Amene amasita malaya amodziamodzi m'mawa uliwonse, n'kuwiritsa ketulo yodzaza kuti amwe kapu imodzi ya tiyi, ameneyo ndiye agule mayunitsi a mwezi uno.